Kaseti Ikamalira ku Somerset West

Pali anthu amene sakhulupirira kuti makina amafa. Kompyuta ya zaka 40 imene ena anaiponya kudzala, iwo amaitola, kuipukuta fumbi, kuitsegula m'mimba, kusintha tizipangizo timene tinapsa, mpaka iyake. Ikayaka amaitanizana ngati kwabadwa mwana. Kuno ku Somerset West, m'tsinde mwa phiri la Helderberg, anthu oterewa alipo, ndipo ambiri mwa amene ndawaona ndi azibambo achizungu amene anali anyamata m'zaka za m'ma 1980. Amasunga ZX Spectrum, Commodore 64, BBC Micro, Apple II ndi Spectravideo m'magalaja mwawo. Eni ake amati ndi masewera chabe otayitsira nthawi, koma ine ndimawaona ngati olemba mbiri, chifukwa tsiku lililonse amasankha chimene chisungidwe ndi chimene chiiwalike. N'chifukwa chake ndikufuna kuweruza ntchito yawo monga tingaweruzire buku la mbiri yakale.

Ndiyambe ndi zimene ndimawagomera, pakuti n'zambiri. Amene sanaonepo makinawa sangamvetse kuchepa kwake. ZX81, imene kampani ya Clive Sinclair inatulutsa ku Britain mu 1981, inali ndi malo osungira zilembo 1,024 zokha, osakwana ngakhale kalata yabwino yofunsira mbeta. Spectrum inabwera mu April 1982 ndi mabatani a labala ndi malo ochuluka maulendo 16 kapena 48 kuposa pamenepo. Commodore 64 ya ku America inatuluka chaka chomwecho. Makinawa analibe galasi lawolawo loonetsera. Munthu ankawalumikiza ku wailesi yakanema ya pabalaza. Mapulogalamu ankasungidwa pa kaseti, yomweyo imene kwathu tinkamverera Alleluya Band. Ukafuna masewera unkalemba lamulo, n'kuyatsa kaseti, kenako n'kudikira mphindi pafupifupi 5 makina akulira tswii ngati nyenje za m'chilimwe. Voliyumu ikachepa kapena kukwera pang'ono, zonse zinkalephereka, uyambirenso.

Chimene osunga makinawa amanyadira kwambiri n'chakuti ukangoyatsa, kompyutayo inkangoti duu, kudikira kuti uiuze chochita m'chinenero cha BASIC. Magazini ankasindikiza mapulogalamu athunthu, ndipo mwana ankawakopera mzere ndi mzere, akalakwitsa chilembo chimodzi n'kuyamba kufufuza yekha pamene palakwika. Amati mwana wa nthawi imeneyo ankalamula makina, pamene wa lero amangosisita galasi la foni imene sangaitsegule ngakhale kuti asinthe batire. Apa sindiwatsutsa, akunena zoona.

Ndinazionera ndekha tsiku lina. Ndinafunsa mkulu wina wolankhula Chiafrikaans ngati Spectrum yake ingalembe dzina la dziko langa monga Kamuzu ankafunira, Malaŵi, ndi kachipewa pamwamba pa w. Zilembo za makina amenewa zinachokera ku ndondomeko ya ASCII ya ku America, imene inangoganizira Chingerezi. Mkuluyo anamva msanga vuto langa, chifukwa chinenero chakenso chili ndi kachipewa kotere pa ê, ndipo Spectrum sinkakadziwa. Koma makinawa amalola munthu kujambula zilembo zakezake zokwana 21, chilichonse m'kabokosi ka timadontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi. Tinatenga pepala, tinajambula ŵ, tinasandutsa mizere 8 ija manambala 8, ndipo posakhalitsa dzina la dziko langa linaoneka pakanema litavala chipewa chake. IBM PC ya mu 1981 inali ndi ê wa mkuluyo koma inalibe ŵ wathu. Chilembochi chinadzapeza malo okhazikika m'makompyuta kudzera mu Unicode kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mwayi wathu unali wakuti anthu a ku Wales nawonso amachigwiritsa ntchito.

Luso lawo lokonza nalonso si lamasewera. Amadziwa kachipangizo kamene kamayamba kufa pa makina aliwonse, amamva ndi mphuno pamene pakupsa, amawotcherera timawaya tooneka ngati tsitsi. Ndikamawaonerera ndimakumbukira anyamata okonza mafoni ndi mawailesi mumsika wa Limbe, kungoti mkulu wa kuno amakonza chifukwa cha chikondi, pamene wa ku Limbe amakonza chifukwa mwini foni alibe yogulira ina.

Pamene ndimasiyana nawo ndi pa mawu amodzi amene satha pakamwa pawo: "Tonse tinayambira apa." Tonse ndani? Kuti mwana asewere ndi Spectrum pankafunika zinthu zitatu: magetsi, wailesi yakanema, ndi kholo la ndalama zotsala. South Africa inayamba kuulutsa kanema m'dziko lonse mu January 1976, mochedwa kuyerekeza ndi maiko ena olemera, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 nyumba zokhala ndi magetsi zinali ngati imodzi mwa zitatu zilizonse. Tonse tikudziwa kuti nyumba zimenezo zinali za ayani. Kwathu ku Malawi kanema wa dziko anayamba mu 1999, Kamuzu atachoka kale pampando. Spectrum ikanafika ku Zomba mu 1983 ikanasowa poilumikiza, kupatula m'nyumba zowerengeka zimene zinali ndi kanema woonera vidiyo. Ngakhale kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mabanja ngati 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi.

Sipafunika kupita kutali kuti uone zimenezi. Kuchoka m'magalaja amenewa, kutsika ndi msewu wa N2 makilomita ochepa, umafika ku Lwandle. Malowa anamangidwa mu 1958 ngati mahositelo a amuna akuda odzagwira ntchito m'minda ya zipatso ndi m'mafakitale a dera lino. Mwamuna ankapatsidwa bedi limodzi. Mkazi ndi ana, malinga ndi lamulo, sankayenera kukhalapo, ngakhale ambiri ankakhalamo mobisala, banja lonse pabedi limodzi lomwelo kuseri kwa nsalu. Lero kuli nyumba yosungira mbiri ya anthu amenewa, Lwandle Migrant Labour Museum, imene inatsegulidwa pa 1 May 2000, ndipo hositelo imodzi, nambala 33, anaisiya monga inalili kuti anthu aziona. Chaka chimene mwana wa ku Somerset West ankadikira kaseti kuti ilire, mnzake wa ku Lwandle ankamvetsera kulira kwa galimoto ya apolisi odzafunsa ziphaso. Malamulo a ziphasowo anathetsedwa mu 1986, Spectrum ili ndi zaka 4.

Nkhani imene anthuwa amakonda kusimba ndi ya Elon Musk, mnyamata wa ku Pretoria amene analemba kamasewera kotchedwa Blastar pa Spectravideo, n'kukagulitsa ku magazini ya PC and Office Technology pa mtengo wa madola pafupifupi 500. Kanasindikizidwa mu 1984. Ndi nkhani yoona, ndipo anthu mpaka anakaukitsa kamasewerako kuti kazisewereka pa intaneti. Koma yasimbidwa kwambiri moti yasanduka nthano ya chiyambi cha makompyuta m'dziko lino: mwana wanzeru yekhayekha m'chipinda mwake, ndi makina ake. Nthanoyi sinena kuti m'chipindamo ankasesamo ndani.

Mlamu wanga wina wa ku Mangochi amasamalira maluwa panyumba ina yotere. Ataona abwana ake akutsitsa m'galimoto katoni ya makompyuta achikasu ndi ukalamba, anadzandinong'oneza kuti, "Alamu, kodi izi akukataya kapena akuchokera kotola?" Nditamuuza kuti agula, ndiponso modula, anangogwira pakamwa. Komatu cholowa chenicheni cha makina amenewo chinali m'thumba mwake momwe. Kampani ya Acorn ya ku Cambridge, imene inapanga BBC Micro mu 1981, itafuna ubongo watsopano wa makina ake, akatswiri ake Sophie Wilson ndi Steve Furber anakonza kachipangizo kotchedwa ARM, kamene kanayamba kugwira ntchito mu April 1985. Ubwino wake unali wosadya magetsi ambiri. Lero pafupifupi foni iliyonse yamakono imayendera zidzukulu za kachipangizo kameneko, kuphatikizapo Tecno ndi Itel zimene Amalawi a ku Cape Town amatumizira ndalama kwawo pa Mukuru, amayi n'kukazilandira pa Mpamba kapena Airtel Money. Mdzukulu wa BBC Micro anafika ku Mangochi agogo ake asanapondeko.

Ndipo kwathu makina akale sitiwaika pashelefu kuti tiziwasirira, timawagwiritsa ntchito mpaka atheretu. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha Baobab Health. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kampani ya Netpliance ku America inkagulitsa kakompyuta kotchedwa i-Opener pa madola 99, koma malondawo anagwa ndipo timakinato tinangotsala mbwee. Gerry Douglas ndi anzake anatigula motchipa, n'kutiika galasi logwira ndi chala, ndipo kuyambira mu 2001 tinayamba kulembetsa odwala pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero timati Kamuzu Central. Kapepala komata kokhala ndi timizere kamene ambiri anakaona pa kabuku kawo ka kuchipatala kanayambira kumeneko. Ndi luso lomwelo la kutsegula makina akufa n'kuwapatsa moyo, kungoti kumapeto kwake kunali mayi wodwala atakhala pabenchi. Sindinamvepo nkhani imeneyi m'galaja lililonse kuno.

Ndikayamba kukamba zotere amandiyankha mwaulemu kuti ndikulowetsa ndale pa zoseweretsa za ana. Ndikuvomera mbali imodzi: Spectrum sinamangitse munthu aliyense. Makompyuta amene boma la tsankho linkadalira anali ena, akuluakulu odzaza chipinda. Buku la Automating Apartheid, limene bungwe la American Friends Service Committee linatulutsa mu 1982, linafotokoza kuti makina a IBM ankagwira ntchito pa kaundula wa mitundu ya anthu ndi chiphaso chotchedwa Book of Life, pamene a kampani ya ku Britain ya ICL ankathandiza pa ndondomeko ya ziphaso za anthu akuda. IBM inalengeza zochoka m'dziko lino mu 1986. Mu 2002 ena mwa ozunzika anakasumira makampani angapo, IBM ili momwemo, kukhoti la ku New York. Mlanduwo unakoka zaka zoposa 10 mpaka makhoti a ku America anakana kuupitiriza. Mfundo yanga ndi yakuti anthu ambiri a dera lino la Africa anakumana ndi kompyuta koyamba iyo ikuwawerenga, iwo asanaione n'komwe. Amalume athu amene anapita ku Joni pa Wenela ndi Theba anadinditsa zala, anapatsidwa nambala, ndipo nambalayo ndi imene inkadziwika kumgodi kuposa dzina la kwawo. Mbiri ya makompyuta imene imayambira pa mphatso ya Khirisimasi n'kudumpha zonsezi ndi nyumba yofolera mbali imodzi.

Koma chimene chimandidabwitsa koposa n'chakuti osunga makinawa amadumphanso nkhani imene ikanawakometsera okha, nkhani yokoma kuposa zonse ya kompyuta yaing'ono m'dziko lino. Tim Jenkin, amene anakulira ku Cape Town konkuno, anamangidwa chifukwa chofalitsa timapepala ta ANC, ndipo mu December 1979 anathawa kundende ya Pretoria pamodzi ndi Stephen Lee ndi Alex Moumbaris pogwiritsa ntchito makiyi osema pamtengo. Ambiri amamudziwa chifukwa cha filimu ya Escape from Pretoria ya mu 2020, imene imathera pachipata cha ndende, pamene kwa ine nkhani yeniyeni ndi imene inatsatira. Atafika ku London, Jenkin ndi mnzake Ronnie Press anayamba kuyesa timakompyuta totchipa ta m'nyumba, kuphatikizapo Commodore 64, kufuna njira yoti atsogoleri a ANC ku Lusaka azilankhulana mwachinsinsi ndi anthu awo a m'kati mwa South Africa. Kale uthenga unkalembedwa pamanja ndi manambala obisa, ntchito ya maola ambiri, ndipo unkatenga masabata kuti ufike.

Njira imene anapeza inali yotere. Munthu wobisala ku Durban kapena ku Johannesburg ankalemba uthenga pa laputopu. Pulogalamu ya Jenkin inkasokoneza zilembo zake pogwiritsa ntchito manambala osatsata dongosolo amene anali pa disiki, ndipo manambala ogwiritsidwa kale ntchito ankafafanizidwa kuti asabwerezedwe. Uthenga wosokonezekawo unkasandutsidwa phokoso n'kujambulidwa pa kaseti. Kenako munthuyo ankapita pa telefoni ya m'kanyumba ka pamsewu, kuimba ku London, n'kusendeza kaseti pakamwa pa foni. Makina oyankha foni m'nyumba ya Jenkin ankajambula phokosolo, iye n'kulibwezera mu kompyuta, uthenga n'kupitirira ku Lusaka kwa Oliver Tambo. Madisiki a manambala ankalowa m'dziko mozemba, ena atanyamulidwa ndi mayi wa ku Netherlands wogwira ntchito m'ndege za KLM. Imeneyi ndiyo inali misempha ya Operation Vula, imene Mac Maharaj ndi Siphiwe Nyanda analowa nayo m'dziko mobisa mu 1988. Pofika mu 1989 ngakhale mauthenga a Nelson Mandela, ali m'ndende ya Victor Verster kufupi ndi Paarl, ulendo wosakwana ola limodzi pagalimoto kuchokera kuno, ankadutsa njira yomweyi kukafika ku Lusaka.

Taonani tsono: uthenga wosandutsidwa phokoso n'kusungidwa pa kaseti. Ndi kulira komwe kuja kumene azibambo a m'magalaja amatseka maso akakumva, kukumbukira ubwana wawo. Kwa munthu wa Vula kulira kumeneko kunali mphindi zingapo zoima pamsewu mtima uli m'mwamba, osadziwa ngati galimoto imene yaima patsidya ndi ya apolisi. Ndipo zinalidi zoika moyo pachiswe. Mu July 1990 apolisi anatulukira Vula, anagwira madisiki ndi mapepala, anamanga Maharaj, Nyanda ndi ena, ndipo awiri, Charles Ndaba ndi Mbuso Shabalala, anaphedwa ali m'manja mwa apolisi. Jenkin analemba yekha nkhani yonseyi mu 1995 m'magazini ya ANC ya Mayibuye, pamutu wakuti Talking to Vula, ndipo mu 2014 panatuluka filimu yofotokoza zoona ya The Vula Connection. Si nkhani yobisika ayi. Kungoti sikwana bwino m'nthano ya mwana wosalakwa ndi masewera ake, chifukwa ikangosimbidwa pamabwera funso lakuti mu 1988 aliyense wa ife anali kuti, akuchita chiyani. Ambiri mwa azibambo amenewa anali a msinkhu wokakamizidwa kulowa usilikali, zaka 2 zathunthu, ndipo ndikumvetsa chifukwa chimene nkhani ya masewera imakhala yopepuka kuisimba.

Chosangalatsa n'chakuti amene anadzapulumutsa pulogalamu ya Vula ndi munthu wa mtundu womwewu wokonda makina akale. Jenkin anaitsekera m'fayilo ya zipi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo patapita zaka anaiwala mawu otsegulira. Mu 2024 katswiri wa ku Britain, John Graham-Cumming, anathyola loko wa fayiloyo podziwa kufooka kwa njira yakale imene zipi inkatsekera zinthu, ndipo pulogalamuyo, yolembedwa mu PowerBASIC, tsopano ili poyera kuti aliyense aiwerenge. Apa mpamene ndimaona kuti luso la anthuwa ndi lamtengo kuposa momwe eni ake amaliyesera. Madisiki ofewa amawola, matepi amamatirirana, makina owawerenga sakupangidwanso, ndipo anthu odziwa kutulutsa zolembedwa pa disiki ya mu 1985 atsala ochepa. Ambiri mwa ochepawo akuthera lusoli pa kupulumutsa kope la chikwi la masewera omwe aja amene anapulumutsidwa kale ku London ndi ku Berlin, pamene m'makabati a masukulu, mipingo, mabungwe a anthu ogwira ntchito ndi maofesi a maboma a dera lino muli madisiki amene palibe wawatsegula kwa zaka 30.

Zolembedwa zakale kwa ife ndi nkhani ya ndalama ndi mapapo. Amalawi zikwizikwi anagwira ntchito m'migodi ya golide ya dziko lino. Kamuzu anaimitsa kulemba anthu ntchitoyi ndege ya Wenela itagwa ku Francistown pa 4 April 1974 n'kupha anthu oposa 70, ambiri Amalawi obwerera kwawo. Kunayambiranso mu 1977 n'kudzatheratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mu July 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wakuti makampani a migodi ya golide apereke ndalama zokwana R5 biliyoni kwa amene anadwala chifuwa chachikulu kapena matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi la mumgodi, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust ndilo limagawa ndalamazo. Mgwirizanowu umakhudza amene anagwira ntchito pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019, kuphatikizapo ochokera m'maiko oyandikana. Koma kuti gogo wa ku Dedza kapena mkazi wake wamasiye alandire kanthu, payenera kupezeka umboni wa mgodi umene anagwirako ndi zaka zake, kaya papepala kaya m'kaundula wa m'makina. Amalume anga ena amasungabe kakhadi kawo ka ku Theba m'chitini cha masikono, pamodzi ndi khadi la ubatizo. Chithunzi chinafufutika kalekale moti nkhope sizindikirika, koma nambala ikuwerengekabe, ndipo amaitchula pamtima osayang'ana, akutsokomola pakati pake.